Kukoka ngolo yolemera ulendo wautali ndi SUV ya dizilo: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri akafuna kukoka ngolo amayambira pa injini, kuti kodi ikwanitsa, ili ndi mphamvu zingati, chitunda ikwera. Ine ndimati injini ya dizilo ndi chinthu chomaliza kuda nacho nkhawa. Imakoka ndithu, imakoka ngakhale katundu amene simumayenera kumukoka n'komwe, nde msampha wake ndi womwewo, galimoto ikangonyamuka bwinobwino munthu umaganiza kuti zonse zili m'malo. Zimene zimagonja panjira ndi zina, giyabokosi, mabuleki, matayala a ngolo, komanso dalaivala mwini wake.

Galimoto yanga analemba kuti imakoka makilogalamu 3,500. Nde ndingomangirira 3,500 yo n'kumapita?

Ayi, dikirani kaye. Nambala imeneyi ndi yoona, magalimoto ngati Toyota Land Cruiser 300, Land Rover Defender 110 ndi Ford Everest yatsopanoyi amalembedwa choncho, koma ndi nambala imodzi mwa zinayi ndipo zonse zinayi ziyenera kugwirizana nthawi imodzi. Komanso 3,500 yo ndi ya ngolo yokhala ndi mabuleki ake. Ngolo yopanda mabuleki malire ake nthawi zambiri ndi makilogalamu 750 basi, kaya galimoto ndi yaikulu bwanji.

Nambala yachiwiri ndi GVM, kulemera konse kumene galimoto yokha ikuloledwa kufika, anthu, mafuta, katundu, zonse zili momwemo. Yachitatu ndi GCM, galimoto ndi ngolo pamodzi. Yachinayi ndi kulemera kumene ekiselo iliyonse ingasenze, makamaka yakumbuyo. Zonsezi mumazipeza m'buku la galimoto kapena pa kachitsulo kamene kamakhomedwa pa chimango cha chitseko kapena m'boneti.

Tiyerekeze galimoto yolemera 2,400 ilibe kanthu, GCM yake ndi 6,000. Mwamangirira ngolo ya 3,500. Chotsani 3,500 pa 6,000, patsala 2,500. Galimoto yokha yadya kale 2,400. Zatsala 100. Ndiye kuti inuyo dalaivala ndi kachikwama kamodzi, mkazi ndi ana atsale, jeke yaikulu ija itsale, chigubu cha madzi chitsale. Mwaona mmene nambala ya pa chithunzi chotsatsa malonda imanamizira osanama? Si magalimoto onse amene masamu ake ndi othina chonchi, ena ali ndi GCM yotakasuka, koma muwerenge anu musananyamuke. Ndipo zinthu zimene tinaziwonjezera tokha, bulubala, winchi, kariya ya padenga, madirowa a kumbuyo, thanki yachiwiri, zonsezi zimadya malo omwewo ndipo sitiziwerengera chifukwa tinazizolowera.

Ine ulendo ukakhala wautali sindifuna kufika pa malire enieni. Kusiyako mpata ndi kumene kumapangitsa kuti tsiku lotentha, chitunda chachitali ndi mphepo yokumana nayo zikakumana pamodzi galimoto isakhale pa mapeto a mphamvu zake.

Ndidziwa bwanji kulemera kwa ngolo yanga?

Sikelo. Palibe njira ina. Maso amanama kwambiri pa nkhani ya kulemera, ndipo nambala imene wogulitsa ngolo anakuuzani ndi ya ngolo yopanda kanthu. Pitani pa sikelo ya magalimoto mutapakira zonse ngati mmene mudzayendere, anthu ali momwemo thanki yodzaza, yezani zonse pamodzi, kenako galimoto yokha ili pa sikelo ngolo ili yomangirira koma mawilo ake ali kunja, kenako ngolo payokha. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, dizilo lita imodzi ndi pafupifupi 0.84, nde mgolo wa malita 200 wa madzi ndi anthu akuluakulu awiri kapena atatu akhala pamenepo.

Nanga kulemera kwa pa mphuno ya ngolo ndiye chiyani, ndipo kuzikhala kungati?

Ndi mmene ngolo ikukanikizira pansi pa kampira ka towbar, chitsulo chokokera ngolo cha kumbuyo kwa galimoto chija. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kukhazikika pamsewu. Kukachepa ngolo imavina, kukachuluka galimoto imakhala pansi kumbuyo mphuno n'kuyang'ana kumwamba, mawilo akutsogolo amapepuka, chiwongolero chimamveka ngati chili pa madzi, ndipo usiku malaiti anu amathobwa m'maso onse okumana nawo.

Ku America ndi ku Australia amakonda kunena za 10 pa 100 iliyonse ya kulemera kwa ngolo kapena kupitirirako pang'ono, ku Ulaya ngolo zawo zimapangidwa kuti zizikhala cha m'ma 5 mpaka 7 pa 100. Tsatirani zimene wopanga ngolo yanu ananena, koma musapitirire nambala yolembedwa pa towbar ndi m'buku la galimoto, yaing'ono pa ziwirizo ndiyo ikulamula. Ndipo kulemera kumeneku kumawerengedwa ngati katundu wa m'galimoto. Ngolo ya 3,000 yokanikiza 300 pa kampira yadya kale 300 pa GVM yanu musanakweze munthu. Choipa china n'chakuti kampirako kali kumbuyo kwa ekiselo, nde kamachita ngati mpini wotukulira mwala, ekiselo yakumbuyo imamva zoposa 300 yo chifukwa imalandiranso kulemera kochoka kutsogolo.

Popakira, zolemera zikhale pansi, pamwamba pa ekiselo ya ngolo kapena kutsogolo kwake pang'ono. Ambiri amati 60 pa 100 ya katundu ikhale kutsogolo kwa ekiselo. Chinyengo chimene ndimadana nacho ndi chija choti mphuno yalemera nde munthu amatenga jenereta n'kuika kumchira kwenikweni kuti zifanane. Pa sikelo zifanana inde, koma mwapanga chinthu cholemera mbali zonse ziwiri chimene chikangoyamba kugwedezeka sichifuna kusiya.

N'chifukwa chiyani aliyense amati dizilo ndiye wokokera?

Chifukwa mphamvu yake yopotokola, torque, imabwera injini ikuzungulira pang'onopang'ono. Injini ya Toyota ya 2.8 ija pa otomatiki imapereka 500 Nm kuyambira pa 1,600 rpm (Nm ndi muyeso wa torque, rpm ndi maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi), V6 ya Land Cruiser 300 imafika 700 Nm, V6 ya 3.0 ya Ford imapereka 600 Nm. Ndiye kuti ponyamuka ndi pokwera chitunda simufunika kuikuwitsa. Mafutanso imadya ochepa poyerekeza ndi ya petulo yokoka katundu yemweyo. Basi, nkhani yake ndi imeneyo, ya petulo yaikulu imakokanso bwino koma mumaima pafupipafupi kuthira.

Otomatiki kapena ya magiya apamanja?

Kale yankho linali lapamanja mosakayika. Masiku ano ndinganene otomatiki, ndipo magalimoto ambiri akuluakulu sakubweranso n'komwe ndi kilatchi. Yapamanja vuto lake lili ponyamuka pa chitunda ndi pochita rivesi, kilatchi imapsa ndithu mpaka fungo kumveka m'kati, pomwe otomatiki imanyamuka mofewa.

Koma otomatiki ili ndi mdani wake, kutentha. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali torque converter imene imapatsira mphamvu kudzera mu oyilo, ndipo ikakhala isanaloke oyilo uja amapukusidwa n'kumatentha. Mukamayenda pa giya yapamwamba kwambiri ndi katundu wolemera, imangokhalira kuloka n'kumasuka, kusintha giya kukwera kutsika, nde oyilo amapsa pang'onopang'ono inu osadziwa chifukwa geji ya pa dashibodi ija ndi ya madzi a injini, si ya giyabokosi. Oyilo wakupsa amada ndipo amanunkha ngati chinthu chowauka. Kachipangizo kakang'ono kolumikiza pa OBD2, soketi imene amakaniko amalumikizapo kompyuta ija, kamene kamaonetsa kutentha kwa giyabokosi pa foni ndi chinthu chimene ndimalimbikitsa aliyense wokoka pafupipafupi, mumaona ndi maso anu nambala ikukwera pa chitunda, mukatsitsa giya imodzi n'kuyamba kutsika. Ngati mumakoka zolemera kumalo otentha, kaladiyeta kowonjezera koziziritsira oyilo wa giyabokosi n'kothandiza, bola kaikidwe ndi makaniko wodziwa.

Nde ndiziyenda pa giya yanji?

Ngati pali batani la tow kapena haul, lidineni. Ngati palibe, ikani pa S kapena pa magiya osankha nokha n'kutsekera kunja giya yapamwamba kapena ziwiri zapamwamba. Pa giyabokosi ya magiya sikisi anthu ambiri amakokera pa folo kapena faifi. Lamulo lake ndi losavuta, mukamva ikusakasaka giya, tsitsani imodzi muisiye pomwepo. Musaope kuona singano ya rpm pa 2,200 kapena 2,500, injini ya dizilo yosenza katundu imapuma bwino pamenepo kusiyana n'kuikakamiza pa 1,400 phazi lili pansi, pamene utsi wake umatentha kwambiri ndipo pampu ya madzi ikuzungulira mwaulesi. Cruise control pa msewu wa zitunda muisiye, imaponda moto mopanda nzeru pofuna kusunga liwiro.

Kutsika mtsetse wautali ndiye kumandiopsa. Ndizitani?

Kukuopsani n'koyenera, kukwera chitunda kumawononga ndalama koma kutsika kumapha. Pali chinthu chimene ambiri sadziwa, injini ya dizilo payokha siigwira galimoto kwambiri mukachotsa phazi ngati mmene imachitira ya petulo, chifukwa ilibe chotsekera mpweya cholimbana ndi mapisitoni mwanjira ija. N'chifukwa chake malole amakhala ndi exhaust brake kapena retarder, zipangizo zochepetsa liwiro popanda kugwiritsa ntchito mabuleki a mawilo. Ma SUV ambiri alibe zimenezo, nde mumadalira giya yotsika ndi mabuleki.

Chepetsani liwiro musanayambe kutsika, osati muli pakati. Lowetsani giya yotsika pamwamba pomwepo, madalaivala akale amati tsika ndi giya imene unakwerera, ndipo sananame. Kenako mabuleki muziwaponda mwamphamvu kwa kanthawi, liwiro litsike bwino, n'kuwasiya apume, kenako kuponda kachiwiri. Chimene chimapha mabuleki ndi kugoneka phazi pang'onopang'ono mtsetse wonse. Mapadi akatentha mopitirira amasiya kugwira, mumaponda koma galimoto ikungopita, ndipo mafuta a mabuleki akawira pedulo imangolowa pansi ngati mwaponda siponji. Mafuta a DOT 4 atsopano sawira asanafike madigiri 230, koma amayamwa chinyezi, akakalamba malire aja amatsikira cha ku 155. Nde ngati simukukumbuka tsiku limene anasinthidwa, asintheni musanapite, opanga ambiri amati zaka ziwiri zilizonse.

Mukamva fungo la mabuleki kapena pedulo ikayamba kufewa, imani pamalo abwino poyamba pomwe mwapeza, dikirani azizire okha. Osawathira madzi, madisiki amapindika kapena kung'aluka. Ndipo za kutsika pa nyutulo pofuna kusunga mafuta musaziyerekeze n'komwe, mafutawo simusunga chifukwa injini zamakono zimadula zokha dizilo mukachotsa phazi giya ili momwemo.

Mabuleki a ngolo alipo amitundu ingati?

Odziwika ndi awiri. Ena amagwira ngolo ikakankha galimoto, mphuno ya ngolo imafinyika n'kukoka mabuleki, amenewa ndi ofala ku Ulaya ndipo safuna waya wapadera. Ena ndi amagetsi, amafuna kabokosi kowongolera m'galimoto, ubwino wake mumatha kuwatchuna mphamvu malinga ndi katundu komanso kuwagwiritsa paokha ndi dzanja. Ayeseni pa liwiro lochepa mukangonyamuka, ngolo isakukankheni komanso mawilo ake asakwekwereze.

Pamenepa ndiwonjezere za kampira. Kofala m'maiko ambiri ndi ka mamilimita 50, ku America kuli ka mainchesi 2 kamene ndi mamilimita 50.8, ndi masaizi ena. Pamaso n'zofanana koma si zofanana, kampira ndi chibakera cha pa mphuno ya ngolo chimene chimagwira kampirako zikhale za saizi imodzi. Matcheni awiri apingasane pansi pa mphuno kuti ngolo ikavuka igwere pa matchenipo osati kulasa pansi, ndipo kachingwe kokoka mabuleki ngolo ikathawa kamangidwe pa galimoto penipeni.

Ngolo ikayamba kuvina kumbuyo ndipange chiyani?

Thupi lanu lidzakuuzani zinthu ziwiri, ponda buleki ndi limbana nayo ndi chiwongolero, zonse ziwiri n'zolakwika. Gwirani chiwongolero mowongoka ndi manja onse, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono, liwiro lizitsika lokha. Ngati muli ndi mabuleki amagetsi, finyani a ngolo okha ndi dzanja, ngolo imakokera kumbuyo n'kuwongoka ngati chingwe chokungidwa. Pali ena amalangiza zoti ponda moto iwongoka, ine ayi, kuvinako kumakula ndi liwiro nde mukuthira mafuta pa moto, ndipo ndi matani atatu kumbuyo galimoto yanu ilibe mphamvu zothamangira mwadzidzidzi choncho.

Magalimoto atsopano ali ndi kompyuta imene imamva kuvinako n'kumagwira mabuleki a wilo limodzilimodzi, imathandiza zedi koma si chilolezo chopakira mwachisawawa. Zikachitika kamodzi imani muone chifukwa, kawirikawiri ndi mphuno yopepuka, matayala ofewa, kapena liwiro. Samalaninso lole yaikulu ikamakupitirirani, mphepo yake imayamba yakankha ngolo kenako n'kuikoka, komanso potuluka pamalo otchingika kulowa pa mlatho kapena pachigwa pamene mphepo ya m'mbali imakumenyani mwadzidzidzi.

Liwiro labwino ndi liti, ndipo mafuta adya ochuluka bwanji?

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Germany wokoka ngolo amayenda 80 pa ola pokhapokha ngoloyo itavomerezedwa mwapadera kufika 100, ku Britain ndi mamailosi 60 pa ola pa misewu ikuluikulu ndi 50 pa misewu wamba ya kunja kwa tauni. Onani a kumene mukudutsa. Koma ngakhale lamulo litalola zambiri, pakati pa 80 ndi 90 ndi pamene ine ndimaona kuti zonse zimakhala pa mtendere.

Chifukwa chake ndi mphepo. Kukana kwa mphepo sikukwera mofanana ndi liwiro, kumakwera modzichulukitsa, kuchoka pa 80 kufika pa 100 mwawonjezera liwiro ndi kota koma mphepo yawonjezeka kupitirira theka. Nde ngolo yaitali ngati kalavani kapena ya mahatchi imadya mafuta kuposa ngolo yafulati yolemera chimodzimodzi. Ulendo wa makilomita 500 pa 100 ndi maola asanu, pa 80 ndi maola sikisi ndi mphindi 15. Ola limodzi ndi kota limenelo ndi limene mukugulira mafuta ochepa, matayala ozizira ndi mtunda waufupi woimira. Za mafuta, musadabwe kuona akuwonjezeka ndi theka, ndi ngolo yaikulu pa mphepo yokumana nayo amatha kuyandikira kawiri. Nambala ya pa dashibodi yonena makilomita otsala musaikhulupirire tsiku loyamba, ikuwerengera mmene mumayendera opanda ngolo. Thirani thanki ikafika theka ngati malo othirira ali patalipatali.

Mpata ndi galimoto ya kutsogolo ukhale masekondi anayi kapena kuposa. Pa 80 mumadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse, musanaganize n'komwe zoponda buleki.

Matayala ndiwapope bwanji?

Akumbuyo a galimoto apopeni kufika pa nambala ya katundu wodzaza imene ili pa sitika ya pachitseko, muyeze m'mawa asanatenthe. Panjira mpweya ukakwera chifukwa cha kutentha musaphwetse, n'zachibadwa.

Koma amene amagwetsa anthu ulesi panjira ndi a ngolo. Ngolo imakhala miyezi ili chiimire padzuwa, mapanga a tayala akuoneka atsopano koma mphira unauma kale n'kuchita ming'alu m'mbali. Pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa chilembo cha DOT, mwachitsanzo 2321 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2021. La zaka zopitirira zisanu kapena sikisi pa ngolo yolemera ine sindilidalira ngakhale lioneke bwanji. Onaninso nambala ya katundu, 100 ndi makilogalamu 800 pa tayala limodzi, 104 ndi 900, 112 ndi 1,120, muphatikize onse muone ngati akukwana ndi kutsalako. Ndipo sipeya ya ngolo, jeke yoti ingaitukule ili yodzaza, ndi sipanala yokwana manati ake, zimenezi ndinaphunzira mochititsa manyazi tsiku lina nditapeza kuti sipanala ya galimoto sikulowa pa manati a ngolo, sipeya ndili nayo koma ndikungoiyang'ana mpaka wina wachifundo anaima.

Geji ya kutentha ikayamba kukwera pa chitunda?

Zimitsani AC, tsitsani giya, chepetsani moto. Ikapitirizabe yatsani hita mpaka kumapeto mawindo ali otsegula, n'zowawa koma imachotsako kutentha ku injini. Ikakana imani pambali, injini izilira payokha kwa mphindi zingapo kuti madzi azizungulira, pokhapokha ngati madzi akutayika kapena nthunzi ikufuka, apo ndiye zimitsani pompo. Chivindikiro cha ladiyeta yotentha musachigwire, madzi ake ali pa mphamvu ndipo amapitirira madigiri 100, amakusupulani nkhope.

Magalimoto ambiri geji yawo imakhala pakati osasuntha kwa nthawi yaitali, ikayamba kuyenda ndiye kuti zatentha kale. Musananyamuke tsukani udzu, matope ndi tizilombo pakati pa ladiyeta, intercooler yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo ndi kondensa ya AC, ndipo malaiti akuluakulu oikidwa kutsogolo kwa gilo aja amatchinga mphepo kuposa mmene eni ake amavomerezera. Kumapiri okwera mpweya ndi wopepuka, turbo imabwezeretsa mphamvu yambiri koma ikugwira ntchito yoposa ndipo kuziziritsa kumachepa. Mukafika pamwamba pa chitunda n'kufuna kuima, musazimitse nthawi yomweyo, ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo aziziritse turbo.

DPF ndi AdBlue zimavuta pokoka?

DPF, fyuluta ya pa paipi ya utsi yogwira mwaye, ulendo wautali imaukonda. Imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 600 kuti iwotche mwaye umene yasonkhanitsa, nde imatsekeka ndi timaulendo tatifupi ta m'tauni osati ndi kukoka. Chosamala ndi kusaima pa udzu wouma wautali paipi ya utsi ili yotentha choncho. AdBlue, madzi amene amapoperedwa mu utsi kuti achepetse mpweya woipa, ndiye imatha msanga mukamakoka chifukwa imayendera limodzi ndi ntchito ya injini, ndipo ikatheratu magalimoto ambiri mukazimitsa salira mpaka mutathira. Dzazani musananyamuke, tengani kabotolo kena. Ndi urea 32.5 pa 100 yosakaniza ndi madzi oyeretsedwa mwapadera, si chinthu chosakaniza nokha, ndipo ikalowa mu thanki ya dizilo molakwitsa musalize injini.

Ndiike pa 4x4 kuti ikoke bwino?

Zitengera mtundu wa galimoto. Ngati ndi ya 4x4 ya nthawi zonse kapena ili ndi 4A, imene imagawa yokha mphamvu ku mawilo onse anayi, palibe vuto, imakhazikikanso bwino pa mvula. Ngati ndi yosankha 2H (mawilo awiri) ndi 4H (mawilo anayi) yopanda difu yapakati yolola mawilo akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira mosiyana, 4H pa phula louma ayi, mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana pokhota mpaka zitsulo za pansi kumangika. Isungireni msewu wa dothi ndi matope.

Kumbuyo kwakhala pansi. Masipuling'i olimba kapena ma airbag othandizira masipuling'i athetsa?

Awongola maonekedwe, koma kulemera kuli pomwepo. Sawonjezera GVM, sawonjezera malire a ekiselo, ndipo sabwezera kulemera ku mawilo akutsogolo. Chimene chimabwezera ndi weight distribution hitch, ija ya mipiringidzo iwiri yokunga, koma opanga magalimoto ena amailetsa, towbar zina sizinapangidwire zimenezo, ndipo ndi mabuleki ogwira pokankha aja nthawi zambiri sizigwirizana. Werengani buku kaye. Ndipo musanagule chilichonse bwererani ku sikelo, mwina vuto ndi mapakiridwe chabe.

Ndikaitchunitse pa kompyuta kuti iwonjezere mphamvu?

Ine sindingatero pa galimoto yokokera. Mphamvu yowonjezera imachokera ku dizilo wowonjezera, dizilo wowonjezera ndi kutentha kowonjezera, ndipo pa chitunda cha mphindi khumi phazi lili pansi ndi pamene mapisitoni ndi turbo zimalipira. Giyabokosi nayo inapangidwira torque inayake. Waranti imathanso kuthera pomwepo. Ngati galimoto ikulephera katundu wanu ili mmene inabwerera, katunduyo ndi wa galimoto ina.

Sevisi isinthe chifukwa chokoka?

Eya. M'buku muli ndandanda iwiri, ya masiku onse ndi ya ntchito yolemetsa, kukoka kuli m'gulu lachiwirilo ndipo kawirikawiri oyilo wa injini amasinthidwa pa theka la mtunda wa nthawi zonse. Oyilo wa giyabokosi amene amati ndi wa moyo wonse wa galimoto uja, kwa wokoka asinthidwe ndithu, wa madifu chimodzimodzi. Fyuluta ya dizilo yapadera ikhale m'galimoto, injini zamakono za common rail zimapopa dizilo pa mphamvu yofika mabala 2,000 ndipo madzi pang'ono kapena zinyalala zimawononga mainjekita. Kalaiti ka madzi mu fyuluta kakayaka imani mukhetse, osati kudikira mukafike. Ku ngolo, mabering'i apakidwe girisi ndipo mabuleki atchunidwe.

Galimoto yatsopano ingakoke nthawi yomweyo?

Opanga ambiri amati iyende kaye yopanda ngolo makilomita 800 mpaka 1,600 malinga ndi mtundu. Onani buku lanu.

Laisensi yanga wamba ikukwana?

Osangoganizira. M'maiko a European Union mwachitsanzo, laisensi ya B imalola ngolo yosapitirira 750, kapena yoposa apo ngati zonse pamodzi sizikupitirira 3,500, kupitirira pamenepo pamafunika B96 kapena BE. Maiko ena ali ndi magulu awo. Ngati mukuwoloka malire fufuzani za dziko lililonse, mapepala a ngolo, ndi ngati inshuwalansi yanu ikuphimba ngolo ndi katundu wake. Ngozi ikachitika muli opitirira kulemera kololedwa, a inshuwalansi amapeza pothawira.

Poima panjira ndiziyang'ana chiyani, ndipo ndiziima kangati?

Kuima koyamba kukhale msanga, mutayenda makilomita 30 kapena 50, chifukwa malamba omangira katundu amakhwepa katundu akakhazikika, ndipo manati a wilo limene lamasulidwa posachedwa amafuna kukungidwanso. Kenako maola awiri aliwonse. Zungulirani zonse, gwedezani chibakera pa kampira, onani matcheni ndi pulagi ya magetsi, yesani maindiketa ndi malaiti a buleki, kokani malamba. Yandikizani kuseri kwa dzanja pa habu ya wilo lililonse la ngolo, kufunda n'kwabwino, koma limodzi likatentha kuposa anzake ndiye kuti bering'i ikupita kapena buleki yagwira, musapitirize mpaka mutadziwa.

Kukoka kumatopetsa kuposa kuyendetsa wamba, maso ali pa magalasi, manja akumva kugwedezeka kulikonse, nde mtunda umene mumadula tsiku limodzi muli opanda ngolo muuchepetse. Magalasi owonjezera ngati ngolo ndi yotambalala kuposa galimoto ndi ofunika, m'maiko ambiri ndi lamulo. Mzere wa magalimoto ukakula kumbuyo kwanu apatseni mpata pamalo abwino, munthu wotopa nanu amaovateka pamalo oipa ndipo ngozi yake ikukhudzani.

Rivesi imandikanika. Pali chinsinsi?

Ikani dzanja pansi pa chiwongolero, kumene mwasunthira dzanjalo ndi kumene mchira wa ngolo ukupita. Pang'onopang'ono, makhotedwe aang'ono, ikayamba kupindika kwambiri musalimbane nayo, pitani kutsogolo muwongole muyambirenso, kaya kachitatu kaya kasanu. Ngolo yaifupi ndi imene imavuta kuposa yaitali chifukwa imapindika msanga. Ngati mukukankhira ngolo yolemera pokwera ndipo pansi ndi dothi, giya ya low range, yoyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu ija, imapulumutsa kilatchi ndi giyabokosi. Wokuthandizani aime pamene mukumuona pa galasi, windo likhale lotsegula, mugwirizane zizindikiro musanayambe, ndipo akangosowa pa galasi imani mpaka aonekenso.